Mtsempha Wachiwiri wa Bondo Langa

Mtsempha wa m'bondo langa lamanja unaduka koyamba ndikusewera mpira wamanja ndi aphunzitsi anzanga ku Chezi. Kuchipatala cha mu mzinda anachotsa mtsempha wina kumbuyo kwa ntchafu n'kuulumikiza m'bondomo. Ndinayenda bwino zaka zingapo, mpaka tsiku lina la mvula ndinaterereka pamtsetse pochokera kusukulu. Ndinangomva phwa! Mtsempha uja unali utadukanso.

Dokotala amene anandiona ulendo uno anali mayi wamng'ono thupi, wolankhula mofatsa.

"Amayi, kumene tinatenga poyamba kuja kunatha. Tsopano musankha nokha kotenga."

"Kusankha? Ngati nsalu pamsika?"

Anaseka, nayamba kuloza pamwendo wanga. Akanatha kutenga mtsempha wa m'munsi mwa kafupa ka pabondo, wolimba zedi, koma ambiri amamva ululu akamagwada. Akanathanso kutenga wa pamwamba pa bondo, kutsogolo kwa ntchafu, koma ntchafuyo imafooka kwa miyezi. Apo ayi, akabwereke kumwendo wamanzere.

"Kumayiko ena amaika ngakhale wa munthu womwalira, koma kuno tilibe," anatero.

Apa mantha anandithera, chidwi n'kundigwira. "Nanga mtsempha wa mwiniwakewo umavomera kukhala mwa mlendo?"

"Thupi limaulandira pang'onopang'ono, kenako umasanduka wanu."

M'minibasi pobwerera ndinkangoyang'ana maondo a anthu, ndikudzifunsa kuti m'katimo muli zotani.

Kunyumba ndinawafotokozera apongozi anga aakazi, amene tinkakhala nawo. Anamvetsera uku akusankha fodya pakhonde.

"Wamanzerewo ausiye, walakwa chiyani? Munthu sadula miyendo iwiri tsiku limodzi."

"Nanga wa pansi pa bondowo, amayi? Akuti kugwada kumavuta."

"Aa, inu! Muzidzatipatsa moni muli pampando. Ndani angakuimbeni mlandu?"

Ndinathokoza, koma sabata imeneyo ndinayamba kudziona ndekha. Sindinkadziwa kuti ndimagwada chotero: pokolopa, popemphera, pokoleza mbaula, pothandiza mwana wa sitandade wani kugwira pensulo. Pamaliro a m'mudzi mwathu ndinaona amayi anzanga akulowa m'nyumba ya siwa chogwada, ine nditatambalala panja ndi ndodo yanga ngati mlendo.

Ndinabwerera kwa dokotala n'kunena kuti atenge wa pamwamba.

Zimene ananena zinachitikadi. Atandichita opaleshoni, ntchafu inaphwa, n'kuchepa ngati ya mwana, ndipo kutsika phiri kunkandivuta kuposa kukwera. M'mawa uliwonse ndinkakweza mwendo nditamangirira kathumba ka mchenga, apongozi akundikalipira ndikachita ulesi. Ndodo ndinaisiya nthawi yokolola chimanga. Mpira ndinausiyiratu, koma masiku ano ndine woimbira wake, ndipo atsikana a kusukulu kwathu amadandaula kuti wezulo yanga siiphonya kanthu.