Mwendo wa Mwini Munda

Phokoso limene limandikumbutsa zaka zimenezo si la mfuti ikulira ayi. Mfuti yampweya silira, imangoti phu, ngati munthu walavula njere ya chivwende. Limene linatsala m'makutu mwanga ndi la poithyola: madala ena amene ndinkapita nawo kosaka atatsamiritsa thako la mfuti pantchafu, akukokera mpope wake pansi, chitsulo chikuti kwiii, kenaka kho! Pakati pa kwiii ndi kho pankamveka kubuula kwawo. Chaka choyamba kubuulako kunali kwakufupi. Pofika 2019 kunkatalika kuposa kulira kwa chitsulocho.

Nthawi imeneyo ndinkakhala ku Wigston, m'chipinda cha lendi, ndikugwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Madalawo ankakhala msewu wakuseri, kwa mwana wawo wamkazi, nesi wa pachipatala china mu Leicester, amene ndinkapemphera naye tchalitchi chimodzi. Anakawatenga kumudzi, cha kumalire a Mchinji ndi Zambia, mayi ake atamwalira. Kuno analibe chochita. Adzukulu akawalankhula Chichewa ankayankha m'Chingerezi, maso ali pa foni. Tsiku lonse ankakhala pampando wa pawindo, atavala jekete ngati munthu wodikira basi.

Achemwali anesiwo ndiwo anaganiza za mfuti. Anali atasamalirako mkazi wa mlimi wina wachizungu wa kunja kwa tauni, ndipo mlimiyo ankadandaula kuti akalulu amutherera msipu wa nkhosa. Achemwaliwo anapempha chilolezo kwa mlimiyo, n'kugula mfuti yampweya, ya mtundu umene sufuna laisensi. Chinatsala chinali galimoto ndi munthu wopuma Lachiwiri, ndipo munthuyo ndinali ine.

"Achimwene, inu simulankhula, bambo salekeza kulankhula. Mugwirizana," anatero. Kenaka anatsitsa mawu. "Akakhala pampando paja mwezi wina umodzi, ndiwaika m'bokosi. Ndithandizeni."

Ndinavomera ndi mutu. Ine ndinaleredwa ndi agogo aakazi, makolo anga atapita ndili wamng'ono. Agogo ankagwira ntchito yosankha fodya pa esiteti, ndipo pobwera madzulo ankakhala atatopa ndi mawu a anthu. M'nyumba mwathu tinkamvana ndi maso. Ndinakula ndikudziwa kuyang'ana, koma osadziwa kuyenda pambuyo pa mwamuna wamkulu. Ndinadzaphunzira ndili ndi imvi zanga zoyamba, m'matope a ku Leicestershire.

Tsiku loyamba madala anaitulutsa mfutiyo m'chikwama, n'kuitembenuza uku ndi uku, n'kuinunkhiza.

"A Kadzidzi," anandiitana. Dzinalo anali atandipatsa kale m'galimoto, poti ndinkangowayang'ana osayankha. "Mwana wanga wandigulira chidole. Ine ndinagwetsa njati. Lero ndizilavulira akalulu?"

Koma anaithyola, n'kuikamo kachipolopolo konga njere ya mapira, n'kuyenda chowerama m'mbali mwa mpanda waminga. Kalulu woyamba anagwa osadziwa chimene chamupeza. Anamusenda pomwepo ndi kampeni kawo, n'kudula mwendo wam'mbuyo, n'kuukulunga m'masamba.

"Uwu ndi wa mwini munda. Nyama yagwera pa nthaka yake. Sitidutsa pakhomo pake manja ali lende."

Mlimiyo, mkulu wofiira nkhope wovala magambuti, anayang'ana kamwendoko m'dzanja la madala, n'kundiyang'ana ine. Ndinamufotokozera. Anavula chipewa, n'kulandira ndi manja awiri monga anaonera kuti madala apereka ndi manja awiri. Kuyambira pamenepo unakhala mwambo wa Lachiwiri lililonse. Tsiku lina tikutuluka pageti ndinaona galu wa mlimiyo akutafuna mwendowo kuseri kwa khola. Madala ankayang'ana kutsogolo, ndipo ine ndinangotseka geti.

Nkhani za mfuti ankandiuza m'galimoto, ndipo sizinkabwera mwa dongosolo. Ali mnyamata ankakonda gogodela, mfuti yosulidwa pamudzi, yothira wonga kukamwa n'kusinja ndi kamtengo. Ankaikonda chifukwa cha phokoso ndi utsi. Ikalira, atsikana kumtsinje ankadziwa kuti ndi ya ndani. Atakula anakagwira ntchito tsidya la Zambia, kuperekeza azungu osaka njati, ndipo kumeneko anagwira mfuti yaikulu imene inkamenya phewa ngati bulu.

"Phewa linkada bii sabata yathunthu. Ine n'kumavula malaya dala kuti anthu aone. Uchitsiru, a Kadzidzi. Khutu ili linafera pomwepo."

Ankanena khutu lakumanzere, ndiye ndikafuna kuti andimve ndinkadutsa kudzanja lawo lamanja. Atakwatira n'kukhala ndi ana, anayamba kufuna mfuti yaing'ono, yosaononga nyama, yoti gwape agwe mnofu uli wonse. Akamakamba za imeneyo mawu awo ankafewa. Za yaikulu ija ankasimba mokweza, akumenya dashibodi, koma sindinawamvepo akunena kuti akuisowa.

Miyezi itapita, chidole chija anasiya kuchitcha chidole. Ankachipukuta ndi kansalu ka mafuta ngakhale tsiku limene sichinaombe. Ankati mfuti yaikulu imakhululukira munthu wosadziwa kuyenda, poti imapha uli kutali, koma iyi imafuna ufike pafupi mpaka uone ndevu za kalulu zikugwedera, ndipo malo oti umenye ndi amodzi okha, pakati pa diso ndi khutu.

"Ukamenya pena, wamuvulaza. Ndipo mumve, a Kadzidzi: tsiku limene ndidzavulaze nyama n'kundithawa ndi bala, mfuti ndidzaipachika. Bambo anga anatero, ine ndidzatero."

Ananena akuseka, akupukuta magalasi. Ine sindinaseke. Kuntchito kwanga ndinkaona manja a okalamba tsiku lililonse, ndipo ndinali nditaona kale mmene kapu ya tiyi inkalirira pa sosala madala akaigwira.

Choyamba kutha chinali phewa. M'nyengo yozizira anayamba kulephera kuithyola mfuti. Ankakoka mpope kufika pakati, kubuula, chitsulo n'kubwerera. Ulendo wachitatu ndinatambasula dzanja. Anandiyang'ana nthawi yaitali asanandipatse.

"Mfuti yothyoledwa ndi wina," anatero. "Mawa mudzanditafuniranso nyama."

Achemwali nditawauza, anati tipite nawo kusitolo ya mfuti tikaone yopepuka. Kunali ina yosathyola, yodzaza mpweya ndi pampu, yakuda, yopepuka ngati mpini wa tsache. Madala ataigwira nkhope yawo inawala. Anati akanakhala nayo ali ndi zaka makumi anayi, bwenzi pamudzi palibe wogona ndi masamba okha. Anaikweza paphewa, n'kulozetsa pa chithunzi cha pakhoma. Ndinali kumbuyo kwawo, ndipo ndinaona kamwa ya mfutiyo ikuzungulira pang'onopang'ono ngati ikulemba ziro m'malere. Yolemera ija inkabisako kunjenjemerako. Yopepukayi inkakuonetsa konse. Mnyamata wogulitsa anayang'ana kumbali, kenaka mwaulemu anatulutsa timiyendo tachitsulo totsamiritsapo mfuti.

Madala anaibweza pa kauntala. Tili panja, akulimbana ndi zipi ya jekete, anati, "Moyo wonse ndakhala ndikutsika. Yaikulu, yaing'ono, yaing'ono kwambiri. Ndimayesa ndikuchenjera. Kumusi kwa iyi kuli chiyani? Legeni?"

Timiyendo tachitsulo anakana, koma anadula mphanda ya mtengo kumunda kuja, n'kumatsamiritsapo mfuti yakale ija. Ine kuthyola, iwo kuchalira. Ankatenga nthawi yaitali, akalulu ambiri n'kulowa m'mauna awo mfuti isanaombe. Ena ankagwabe. Mlimi ankalandirabe mwendo wake, ngakhale kuti si sabata iliyonse. Masabata opanda nyama madala ankagogodabe pakhomo n'kutambasula manja opanda kanthu, kuti mwini munda aone kuti sitinamubise.

Tsiku limenelo linali la m'dzinja la kuno, masamba atayoyoka, dzuwa likufulumira kulowa. Kalulu anali atakhala pafupi ndi mpanda waminga, wamkulu bwino. Ndinathyola mfuti, n'kuwapatsa. Anaitsamiritsa pa mphanda. Ndinawamva akusunga mpweya. Phu.

Kaluluyo anadumpha, n'kugwa cham'mbali, n'kulira. Amene sanamvepo kalulu wovulala sangadziwe: amalira ngati khanda. Anadzikoka ndi miyendo yakutsogolo, yam'mbuyo ikukwekwereka, n'kulowa mu una pansi pa minga.

Madala sanamve. Khutu lawo lakufa ndi limene linali mbali imeneyo, ndipo magalasi awo anali atachita nthunzi. Anatsitsa mfuti n'kundiyang'ana.

"Ndaphonya eti? Wathawa?"

Mawu oti inde anali pafupi. Ndinaganiza za mpando wa pawindo, ndi za achemwali aja. Koma m'nyumba ya agogo sindinaphunzire kunama msanga. Munthu akafunsa chinthu cholemera, tinkangokhala chete, ndipo cheteyo ankayankha yekha. Pamene ndinkati nditsegule pakamwa, anali atawerenga kale nkhope yanga.

"A Kadzidzi, maso anuwo."

Anandipatsa mfuti n'kuyenda kupita kumpandako. Anagwada, n'kupapasa udzu ndi zala, n'kuzibweretsa pafupi ndi maso. Magazi anali ochepa, ndi tiubweya totuwa. Analowetsa dzanja mu una mpaka m'phewa, minga ikuwakanda pakhosi. Anatenga mphanda ija n'kuyamba kukumba. Nane ndinagwada, n'kumakumba ndi manja. Dothi linali lozizira, lodzaza mizu, ndipo unawo unkakhota kulowera pansi pa mpanda. Ndinkamumva kaluluyo akupuma m'kati, chapatali ndithu, pamene mkono wa munthu sungafike.

"Akumveka?" anandifunsa.

"Akumveka, bambo."

Anakumbabe mpaka mphanda inathyoka. Atafuna kudzuka, maondo anakana. Anayesa kugwira mpanda, minga n'kuwabaya. Ndinaima kumbuyo kwawo, n'kulowetsa manja m'khwapa, n'kuwerenga mpaka katatu monga timachitira kuntchito, n'kuwakweza. Anali opepuka kuposa mmene ndinkaganizira.

"Mwandinyamula ngati a kuntchito kwanu aja," anatero, osandiyang'ana.

Pobwerera anakana kudzera pakhomo pa mlimi. Anati manja opanda kanthu angathe kuonetsa, koma awa ayi. Tinazungulira kuseri kwa khola. Mlimiyo anatiwona ali pa thirakitala, n'kukweza dzanja. Madala anayang'ana pansi. M'galimoto simunamveke nkhani ya mfuti iliyonse.

Lachiwiri lotsatira ndinaimika galimoto pakhomo pawo monga mwa masiku onse. Anali pawindo, jekete atavala. Ndinalowa, n'kukhala kudzanja lawo lamanja. Ndinati mwina kaluluyo anachira. Anati nyama yothyoka msana sichira. Ndinati tingathe kumakaombera zitini, mfuti isachite dzimbiri.

"Chitini chili ndi mwendo?"

Ndinati ndiye ndiziomba ine, iwo azindiphunzitsa.

"Inu mumamvera chisoni ndi ntchentche yomwe. Imwani tiyi, a Kadzidzi."

Achemwali anayesa njira zawo. Anakalipa, anachonderera, anaitana abusa. Anandiimbira foni ali pa bureki, akulankhula monong'ona m'khonde la chipatala. "Kalulu mmodzi, achimwene! Magalimoto akuponda angati pamsewu uja? Simukanangowauza kuti aphonya?" Anapuma mwamphamvu, n'kupepesa, n'kunena kuti akuwaitana ku wodi.

Ndinkapitabe Lachiwiri lililonse. Tinkakhala pawindo awiri, tikuonera mabasi. Ankadya pang'ono. Nthawi zina dzanja lawo linkakwera lokha kufika paphewa lamanja, n'kusisita pamene mfuti yaikulu inkamenya kale.

M'mawa wina wachisanu ndinamva kugogoda. Anali achemwali, atavala yunifomu m'kati mwa jasi, galimoto ikulira pamsewu. M'manja anali atanyamula chikwama cha mfuti chija, atachikulunganso m'chitenje cha malemu mayi awo.

"Bambo akuti mupite nayo kwa mlimi uja," anatero. "Akuti tsiku lija nyama inagwera pa nthaka yake koma mwendo sanalandire. Akuti mukapereke ndi manja awiri."

Ndinafuna kufunsa ngati adya m'mawa uno. Achemwali anali atandiika kale chikwamacho m'manja.

"Ndachedwa shifiti," anatero, n'kutsika masitepe osatembenuka.