Mayi Omvetsera Nkhokwe

Kuseri kwa nyumba yathu kuno kwa Dambe kuli mayi ena achikulire amene m'mawa uliwonse amagunditsa khutu pankhokwe. Amati anankafumbwe amamveka akamadya. "Kale chisanu cha mu Juni chinkawagoneka," amatero. "Tsopano chisanu chathawa, mvula ikuchedwa, ndiye kwabwera ena achilendo oboola ndi nsungwi zomwe."

Mayiwa ndi aulemu wachikale. Akaona mkamwini wawo akubwera amapatukira kutchire, ndipo amalankhula naye atafulatira.

Mwezi watha mkamwiniyo anafika panjinga kuchokera ku Chipata ndi thumba la chimanga, kuti awathandize pa chilala chino. Ali pafupi kulikhuthulira munkhokwe, mayi aja anathamanga, n'kugwada, n'kuika khutu pathumbapo. Kenaka anadzuka n'kumuyang'ana m'maso, koyamba chikwatirireni mwana wawo.

"Zikomo apongozi, koma anankafumbwe alimo, ndawamva. Munkhokwe muno salowa. Chimangachi tikonola ndi kuviika lero lomwe, thumbali titentha."

Mkamwini uja anangoima pomwepo, chipewa chili m'manja.

"Musangoima," anatero mayiwo. "Kuthawana tidzayambiranso mawa. Lero katengeni mtondo."