Buku la kusikelo linakafika ku Joni

Zilonda za m'kamwa zinayamba patatha sabata ziwiri chichitikireni Idi. Kenako kutsegula m'mimba, thupi kutentha madzulo aliwonse, chitenje kumachita kuzungulira kawiri m'chiuno. Chifukwa chake ndinkachidziwa. Ndinali nditatha miyezi iwiri osamwa ma ARV, uku ndikuyamwitsa mwana wanga Shakira.

Chinandisiyitsa ndi chithunzi. Bambo a ana ali ku Joni, ndiye anati akufuna aone mmene mwana akukwerera sikelo. Ndinajambula buku la kusikelo n'kutumiza, osaona kuti pambali pake anamwino analembapo za magazi anga. Mkazi wawo wina wa kumeneko, munthu woti sindinamuonepo n'kamodzi komwe, anatenga foniyo n'kuponya chithunzicho pagulupu ya anthu a kwathu kuno ku Nkopola, dzina langa ndi la mwana zili poyera. Amayi amene ndinkagula nawo usipa padoko anayamba kundipatsa moni ndi maso okha. Mwana wanga wamkulu, Yusufu, anzake ku madrasa anamusiya yekha pamkeka. Pamzere wa mankhwala sindinafunenso kuonekapo.

Ndinapita kukhoti. Ndinadikira pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, mwana kumsana. Bambo wa mu ofesi anandimvetsera bwinobwino, n'kunena kuti, "Mayi, mwanyozekera kuno, mlandu ungathe kuyambira kuno. Koma samani tikam'patsira kuti? Ngakhale muwine, chigamulo chathu sichingam'gwire ali ku Joni, pokhapokha khoti la kumeneko litavomera." Chithunzi changa chinawoloka malire atatu m'kamphindi, koma pepala la boma ndiye lifune pasipoti!

Ndinagwa ndikuchapa kunyanja. Achemwali anga anandikweza panjinga yamoto atandigwira kumbuyo. Kuchipatala ndinagona masiku asanu ndi anayi: madiripu, kuyeza makhololo, kudikira adokotala m'mawa uliwonse. Anamwino sanandikalipire. Anangoti, "Mkazi wa ku Joni uja ali phee kwawoko. Mukapita inu, Shakira ayamwa kwa yani?" Zotsatira za magazi a mwanayo tinadikira sabata zitatu. Zinatuluka bwino. Adzamuyezanso akasiya bere.

Pano zilonda zinapola, thupi likubwerera. Mkazi uja sanapepese, bambo a ana amangoti ndiiwale. Sindinaiwale. Inu amene mwanyozedwa ngati ine, thamangirani kuchipatala msanga, musalipsire thupi lanu mlandu wa munthu amene khoti silingam'fikire.

Ine mankhwala ndimakatenga kuchipatala china, kutali ndi maso a padoko, ndipo sindidumphitsa tsiku. Yusufu ndinamusamutsira ku madrasa ya kwa achemwali. Mabuku onse ndinawasokera kathumba. Akafunsa ku Joni za sikelo ya mwana, ndimangotchula makilo pakamwa. Chithunzi ayi.