Belu la Njinga Yanga

Fakitale itatichotsa ntchito, ndinayamba kupalasa njinga kuchoka ku Kafue Estates kupita ku Chanyanya kukaoda nsomba zogulitsa pamsika. Galu wanga, wofiirira wa khutu limodzi logwa, ankathamanga pambali pa tayala la kumbuyo, ndipo akatopa ndinkamukweza m'dengu. Chinkandidabwitsa n'chakuti ndikangoliza belu pakhonde, iye asanasunthe ngakhale phazi, mtima wake unkayamba kugunda mwamphamvu. Ndinkaumva ndi chikhatho panthiti zake.

Chaka chatha ndinagwa m'bafa. Kuchipatala anati ndi sitiroko yaing'ono. Miyendo inachira, pakamwa panawongoka, koma mpaka lero ndikadzuka msanga kapena kuyenda mofulumira, m'maso mumachita mdima. Miyendo imafuna liwiro, mtima n'kumabwera m'mbuyo mwake ngati mwana wotumidwa kumsika atakwiya. Adokotala anandiletsa njinga, mkazi wanga n'kuimanga ndi loko kukhitchini.

Kukhala pansi sindikudziwa ine. Ndinkazungulira nyumba, kusesa posesedwa kale, kukangana ndi wailesi. Mlongo wanga wamkulu ataona zimenezi anati mtima wanga wafooka basi, ndipo mankhwala ake akuwadziwa. Anabwera ndi lezala ndi phulusa lakuda tsiku limene mkazi wanga anali ku chigwirizano cha amayi, nanditema mphini pachifuwa, pamtima penipeni. Ndinalola, ine mkulu wa mpingo wathunthu. Ndinkafuna njinga yanga.

Mwana wanga wamkazi, amene akuphunzira za matenda a ziweto ku Lusaka, atabwera kunyumba anaziona mphinizo nditavula malaya, ndikuwachapa panja. Sanaseke, ngakhale ndinaona kuti chiseko chamufika pakhosi.

"Ba tate, mutima wanu uli che bwino," anatero. "Vuto ili kuno kumbuyo."

Anandigwira pankhongo, pamene mutu umakumana ndi khosi. Anandifotokozera kuti pamenepo pali tsinde la ubongo, ndipo ndilo limalamula mtima kuti ufulumire ndi mitsempha kuti ikankhe magazi thupi likamagwira ntchito, kwa galu, kwa ng'ombe, kwa munthu chimodzimodzi. Lamulolo limatha kupita mwendo usanaponde n'komwe, ndiye chifukwa chake galu wanga ankatero akamva belu. Kwa ine sitiroko inakhudza pomwepo. Mlongo wanga anatema malo osalakwa.

Ndinamufunsa ngati zidzabwerere mwakale. Anayang'ana galu, osati ine, nati mwina pang'ono, koma osati za ku Chanyanya.

Sindinamvere. M'mawa wina ndinapeza kiyi m'chitini cha shuga, ndinatulutsa njinga, ndipo ndisanafike pa mpanda wa aneba ndinali chagada m'ngalande, galu akundinyambita kumaso. Mkazi wanga sanakalipe. Anangondifunsa motsitsa mawu kuti, "Imwe, mufuna nikakutoleni mu museu?"

Sabata yomweyo njinga ndinaipereka kwa mlamu wanga, amene anali akufunafuna chochita. Anabwera kudzaitenga Loweruka, anamanga dengu, naliza belu kuti aone ngati likulira. Dzanja langa linali pa galu, ndipo ndinamva mtima wake ukudumpha monga kale. Mlamu wanga atanyamuka, galuyo anathamangira njingayo mpaka pakona, anaima, anandicheukira kamodzi, kenako anapitirira.

Ndinaika dzanja lomwelo pachifuwa panga, pamwamba pa mphini zija. Munali phee. Ndinachita nsanje ndi galu, ndipo nsanjeyo sinathebe.