Mabuku Anapita Kukaingitsa Mpheta

Lolemba lina Edina anatsegula sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi mwawo ku Lifuwu n'kupezamo ana awiri okha, winayo ali mtulo. Ufa wa phala unali utatha, mpunga unali ukucha kusikimu, ndipo makolo anali atatenga ana ena onse kuti azikaimba zitini poingitsa mpheta. Kamwana ka zaka zinayi, ati mlonda wa munda! Edina zinamukwana.

Edinayu analephera Sitandade 8 kawiri. Anali wachibwibwi, moti akaimirira kuti awerenge, kalasi yonse inkafa nacho chiseko. Kuwerenga mokweza anadziphunzitsa atakula kale, kuseri kwa nyumba, omvera ake ali nkhuku. Tsono sukuluyo italandira mabuku khumi a zithunzi, a nthano zakale za maiko akutali, iye ndiye anadzipereka kumawerengera ana.

Lolemba lomwelo anatulukira a Macdonald, wapampando wa komiti ya sukuluyo.

"Mayi, pofika Lachisanu ana akapanda kukwana makumi awiri, mabukuwa tibweza kwa eni ake. Muno tiikamo matumba a mpunga."

"Ndiye matumbawo muziwawerengera nthano ndinu?" anafunsa Edina. A Macdonald anangokwera njinga yawo.

Lachiwiri anayenda khomo ndi khomo mpaka mapazi kuwawa, amayi akungomunyoza. Mayi Tausi, a munda waukulu, sanamubisire mawu: "Mpheta zikandithera mpunga, mudzandiphikira buku?"

Lachitatu, ndi mkwiyo womwewo, Edina anakulunga mabuku m'chitenje, nawasenza, ulendo wa kusikimu. Anakhala pansi pa mtengo m'mphepete mwa minda, natsegula tsamba la mmbulu ukugogoda pakhomo la tiana. Ana anataya zitini n'kumuzinga, akutsutsana kuti ameneyo ndi fisi wowonda. Mpheta nazo zinatera mumpunga wa Mayi Tausi ngati zachita kuitanidwa.

Mayiwo anabwera akulalata. Edina chibwibwi chija chinamubwerera, mawu n'kukanirira pakhosi. Kodi asekedwenso pamaso pa ana? Anakweza buku m'mwamba, chala chili pa chitseko chojambulidwacho, nakankha liwu limodzi lokha.

"A-a-atsegule?"

"Asatseguleee!" ana onse anakuwa pamodzi.

Mpheta zinadzuka munda wonse n'kuthawira kutali. Mayi Tausi anaima, nayang'ana kumwamba, nayang'ananso bukulo.

"Tawerenganinso pomwepo," anatero.

Kuyambira apo tsamba lililonse linkatha ndi funso, ana n'kumayankha mofuula. Amayi omwe ankamunyoza aja anayamba kulimbirana kuti akakhale pafupi ndi munda wawo. Anthu!

Lachisanu a Macdonald anapeza sukulu yotseka. Atalondola phokoso kusikimu, anapeza ana oposa makumi atatu, maso onse ali pabuku.

"Koma pano si pasukulu," anadandaula.

"Munatchula ana, bambo. Denga simunatchule."

Atakolola, makolo anasonkha mpunga wa phala, ana anabwerera m'sukulu muja, ndipo mabuku sanapite kulikonse. Chibwibwi Edina akadali nacho mpaka lero, koma akakakamira pa liwu, ana amadikira chete, chifukwa akufuna kumva zomwe mmbulu uchite.

Inu amene munasekedwapo n'kukhala pansi ndi manyazi, dzukani, musenze chomwe muli nacho, mukachiike pomwe pali anthu. Ngakhale liwu likukanirira pakhosi, litulutseni choncho. Osataya mtima.