Chala Chimene Sichinkapweteka

Kudziko lachilendo kumene a Pulofesa anakasaka moyo, ntchito yawo inali yosita nsalu za pabedi m'chipinda chapansi pa hotela ina yaikulu. Upulofesawo sanautenge kusukulu ayi. Dzinali anawapatsa ndi anzawo ochokera kumudzi, chifukwa bambowa akagwira foni panalibe nthenda yowabisalira. Ukangoti mutu ukundiwawa, iwo ankatsitsa magalasi pamphuno, chala n'kuyamba kuyenda pafoni, ndipo posakhalitsa unkauzidwa dzina la matenda ako, lalitali losatchulika, pamodzi ndi nkhani za anthu amene anafa nawo. Ambiri ankachira ndi mantha okhawo, ndipo mbiri ya a Pulofesa inkakulirakulira.

Madokotala a dziko lija ndiye sankawawerengera n'komwe.

"Amene aja ndi madokotala?" ankatero akakhala ndi anzawo. "Upite ukubuula, akufunse mafunso ngati wapolisi, pomaliza akuti kamweni madzi ambiri, mukapume. Madzi! Ine ndinakwera ndege kudzamwa madzi? Kwathu dokotala amakubaya jakisoni, umatuluka ukutsimphina, ukudziwa kuti lero ndathandizidwa."

Anzawo ankaseka, ena n'kuvomereza, poti kunena zoona jakisoni wa kwawo onse ankamusowa.

M'chipinda chositira muja munali motentha, mopanda zenera, nthunzi ili tolo. A Pulofesa ankaima pamakina kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Ankayala nsalu ndi manja, kenako n'kuponda chitsulo chapansi ndi phazi lamanja kuti chivundikiro chotentha chitsike. Yala, ponda, tukula, pinda. Phazi limenelo ndilo linali khasu lawo. Ndilo linkalipira nyumba, ndilo linkaphunzitsa mwana wawo wamkazi amene anatsala kwawo, ndipo iwo eni ankanena kuti tsiku limene phazili lidzakane, banja lonse lidzagona ndi njala.

Choncho atapezeka ndi matenda a shuga, dokotala n'kuwauza kuti aziyang'ana mapazi awo tsiku lililonse, mukanayembekeza kuti amva. Koma iwo anabwerera kunyumba akupukusa mutu.

"Mwamva zimenezo, mayi? Shuga ali m'magazi, iye akundiuza za mapazi. Mwana uja sukulu anamaliza koma?"

Mayi akunyumba, amene ankakolopa m'maofesi ndipo ankafika atatopa, anangoti, "Inu ndi amene mumadziwa, bambo," n'kupitiriza kusenda anyezi.

Tsoka linalowera pa nsapato. A Pulofesa anagula nsapato zakuda, zosongoka kutsogolo, zonyezimira moti munthu n'kudziona nkhope. Zinkawathina pang'ono, koma iwo anati nsapato yabwino imayamba yaluma mwini wake. Inalumadi. Pansi pa chala chachikulu cha phazi lamanja panatuluka thuza, thuzalo linaphulika, pamalopo panatsala kachilonda. Kupweteka ayi, ngakhale pang'ono. Anakapukuta, n'kuvala sokosi, n'kupita kuntchito.

Tsiku lokaonana ndi dokotala litafika, anakonzeka monga mwa nthawi zonse, ngati munthu wopita kwa apongozi. Malaya anasita okha mpaka kolala kuima, tayi pakhosi, jekete, ndi nsapato zija atazipaka polishi. Kwa iwo, kupita kwa munthu wolemekezeka uli wonyozeka kunali kumunyoza. Ndipo munthu wolemekezeka akakufunsa za moyo, suyamba kumukhuthulira mavuto ako ngati kuti ndiwe woyamba kudwala padziko.

Dokotalayo anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo, wolankhula mofatsa. Atawafunsa m'chinenero cha dzikolo kuti akupeza bwanji, a Pulofesa anawerama pang'ono, kumwetulira kuli mpaka m'makutu.

"Ndili bwino kwambiri, adokotala. Kaya inu? Makolo ali bwanji?"

"Ali bwino, zikomo. Pali pamene pakukuvutani?"

"Palibe. Mulungu akusunga."

"Mungavule nsapato ndione mapazi?"

Munthu wamkulu, wa imvi, avule sokosi pamaso pa mwana wamkazi, amuonetse chilonda chimene chinali chitayamba kale kafungo? Manyazi anawagwira a Pulofesa. Anaseka kaphwete kaulemu, n'kukweza dzanja.

"Musadzivutitse, adokotala. Ndawaona ndekha m'mawa uno. Ali ngati a mwana wakhanda."

Dokotala anapemphanso kachiwiri, n'kufotokoza kuti shuga amapha mitsempha ya kumapazi mwakachetechete. A Pulofesa anagwedeza mutu mwaulemu, nsapato zili chimangire. Kudziko lija wodwala sakakamizidwa, choncho mtsikanayo anangowapatsa mapiritsi awo a masiku onse n'kuwauza kuti akaona chachilendo abwere msanga. Pofika kunyumba anauza mkazi wawo monyadira kuti, "Wandiyeza, sanapeze kanthu." Ndipo sananame.

Koma zimene anabisira dokotala, foni ankaiuza zonse. Foni ilibe maso oti uchite nawo manyazi, ilibe mphuno, si mwana wa munthu. Nthawi yopuma kuntchito ankadzitsekera m'chimbudzi, n'kuvula sokosi, n'kuyamba kuifotokozera mtundu wa chilondacho, kukula kwake, madzi amene ankatuluka. Yankho loyamba linali lakuti munthu wa shuga akakhala ndi chilonda kuphazi apite kuchipatala tsiku lomwelo. A Pulofesa anaona kuti foni sinamvetse funso. Anafunsanso mwa njira ina, yankho lomwelo. Ndiye anachotsamo mawu akuti shuga, poti shugayo ndi amene ankaisokoneza, ndipo pamapeto pake anapeza tsamba lonena kuti zilonda zazing'ono zimapola zokha. Anapumira m'mwamba. Ankakonda kuuza anthu kuti safunsa anadya phula, koma iwo ankafunsa mpaka phulalo lisanduke uchi.

Ataona kuti kupola kukuchedwa, anapita kusitolo ya mankhwala ya pakona pa msewu wawo. Wogulitsa anali mayi wachikulire wa magalasi a chingwe, amene ankawadziwa chifukwa cha mapiritsi a shuga aja.

"Ndikufuna makapisozi opha tizilombo."

"Amenewo popanda chilolezo cha dokotala sindingakupatseni. Ndi a chiyani?"

"Ndi a mnzanga. Ali ndi kachilonda kuphazi."

"Mnzanuyo ali ndi shuga?"

"Pang'ono chabe."

Mayiyo anasuzumira pamwamba pa tebulo, n'kuyang'ana nsapato yamanja imene zingwe zake zinali zomasula.

"Mukamuuze mnzanuyo apite kuchipatala lero, osati mawa. Mukamuuzenso kuti ndamupempha ine."

A Pulofesa anathokoza, anatuluka, ndipo panjira anatsimikiza kuti mayiyu ndi madokotala aja ndi amodzi, amadyera mbale imodzi.

Amene anawapulumutsa, m'kuona kwawo, anali alamu awo, mchimwene wa mkazi wawo, woyendetsa galimoto zonyamula katundu. Alamuwa anali atangobwera kumene kuchokera kwawo, ndipo m'chikwama munali makapisozi otsala pamene anadwala chifuwa.

"Awa ndiye eni ake, alamu," anatero a Pulofesa akuwagwedeza pafupi ndi khutu. "Mankhwala akwathu, osati madzi."

"Koma ndi a ndani, alamu?"

"A wodwala wanga wina. Mumadziwa anthu sandipatsa mpata."

Sanameze ayi. Anachita monga ankaonera akuluakulu ali mwana: kutsegula kapisozi, n'kuthira ufa wake pachilonda penipeni. Pomanga ankang'amba kansalu pa nsalu zakutha za ku hotela, n'kukasita bwinobwino pamakina aja kuti tizilombo tife. Kunena zoona, m'dziko lonselo munalibe chilonda china chomangidwa ndi nsalu yosita bwino chotero. Ndipo popeza sichinkapweteka, a Pulofesa ankagona ndi mtendere. Ankaponda chitsulo chija tsiku lonse, osamva kanthu, n'kumati mumtima, dokotala weniweni ndi ine.

Mayi akunyumba ndi amene anayamba kusowa mtendere. Mwamuna amene ankasita nsalu za dziko lonse koma kunyumba sanachapepo ngakhale kampango, mwadzidzidzi anayamba kuchapa yekha sokosi, n'kumaziyanika kuseri kwa chitseko. Ankagona atavala sokosi, ati kukuzizira. Kenako anagula mafuta onunkhira, n'kumadzipopera mpaka kumiyendo. Mayiwo anaphatikiza zonsezi n'kupeza yankho limene mkazi aliyense akanapeza: pali wina. Anakhala masiku akudya mutu, mtima ukuwawa, akudzifunsa kuti pa ukalamba uno bambowa akufunanso chiyani.

Lamlungu lina masana mayiwo anapeza a Pulofesa atagona pampando, thukuta lili kamukamu, thupi likutentha. Anati awafunditse, ndipo powerama anamva fungo limene mafuta onunkhira analephera kuliphimba. Anagwada, n'kuvula sokosi ija pang'onopang'ono, n'kumasula kansalu. Chala chinali chitada, phazi litatupa mpaka m'kakolo.

"Mayo ine! Bambo, ichi n'chiyani?"

A Pulofesa anadzidzimuka, n'kuyamba kufufuza magalasi.

"Musakuwe, mayi, anthu amva. Chikupola chimenecho."

"Chikupola? Ine kumangoti mwapeza mkazi wina, osadziwa kuti mukuola muli moyo! Bola akanakhala mkaziyo, ndikanadziwa pomupeza."

"Tamverani kaye. Sichikupweteka. Chinthu chikasiya kupweteka ndiye kuti mankhwala agwira. Ndawerenga ine."

Anatenga foni kuti awaonetse tsamba lija, n'kuyamba kufotokoza za khungu ndi mmene limadzikonzera lokha. Mayiwo anamasula phini amene anali pabulauzi yawo, maso ali pankhope ya mwamuna wawo, n'kubaya pansi pa phazilo. A Pulofesa anapitiriza kulankhula. Mayiwo anabayanso, mwamphamvu. A Pulofesa anali pakati pa chiganizo.

"Bambo."

"Dikirani ndimalize."

"Jakisoni munkamufuna uja ndakubayani kawiri. Mwamumva?"

A Pulofesa anayang'ana pansi, n'kuona phini ali chiimire m'phazi mwawo, kadontho ka magazi kakutsika. Mantha amene ankagawira anthu ena zaka zonsezi anawafika okha, ndipo anali ozizira.

"Mubise matenda, maliro tidzamva," anatero mayiwo, misozi ili m'maso. "Dzukani."

Ngakhale pamenepo anafuna jekete ndi tayi. Nsapato yamanja inakana kulowa, choncho m'galimoto ya alamu anakwera atavala nsapato yonyezimira phazi limodzi, linalo patapata wa mkazi wawo. Alamuwo atamva kumene makapisozi awo anathera, anayendetsa njira yonse maso ali pamsewu pokha.

Kuchipatala sanawauze za kumwa madzi. Anawagoneka nthawi yomweyo, n'kuwabaya mkono uwu, n'kuwabaya uwo, botolo la diripi likulendewera pamutu. A Pulofesa anatembenukira kwa alamu awo, n'kunong'ona ndi mawu ofooka, "Mwaona? Akafuna amatha anthuwa." Palibe anaseka.

Phazi analipulumutsa, koma chala chachikulu ndi chinzake choyandikana nacho anadula. Kuhotela makina sakanadikira munthu. Bwana anatumiza maluwa ndi uthenga wowafunira kuchira msanga, ndipo chitsulo chija chinayamba kupondedwa ndi phazi la munthu wina.

Dokotala wamng'ono uja anabwera kudzawaona m'mawa wina. Sanakalipe, sanakumbutse za tsiku lija, ndipo ulemu umenewo unawapweteka a Pulofesa kuposa kukalipa. Foni inali pakabati pambali pa bedi, ikunjenjemera ndi mauthenga a anthu ofuna kudziwa za zidzolo ndi misana yawo. Pansi pa bedi panali nsapato ija, imodzi, m'pepala la pulasitiki.

"Mukupeza bwanji lero, bambo?"

A Pulofesa anadzikoka kuti akhale tsonga, anakonza kolala ya malaya a chipatala, kumwetulira kuja n'kuyamba kubwera kokha. Pakamwa panali patakonzeka kale kunena kuti ali bwino kwambiri, kaya inu adokotala. Kenako anaona mkazi wawo ali pampando, manja ali pamiyendo, akuwayang'ana. Kumwetulirako kunazima.

"Sindili bwino, mwana wanga," anatero. "Chala chija chikundipweteka. Chikundipweteka kwambiri."

Dokotala anayang'ana bandeji, pamalo pamene panalibenso chala, n'kugwedeza mutu, n'kunena kuti zimachitika, ndipo awapatsa mankhwala. Mayi akunyumba anatembenukira kuzenera kuti mwamuna wawo asaone akulira.