Kutsika M'dzenje la Mnzanga

Ndakumba manda zaka zambiri kwathu ku Ntengo-Wambalame, ndipo sindinali mdzukulu wamantha. Ena amangoima pamwamba n'kumaloza ndi chala kuti apa pakhota, koma ine ndinali wapansi. Kwathu dzenje likafika poyenera, timaboola kachipinda m'mbali mwake kolowetsamo bokosi, kuti dothi lisagwere munthu kumaso. Ntchito yoboolayo, chogwada, mutu uli m'kati, inali yanga.

Tsiku lina m'dzinja, mvula itagwa masiku atatu, khoma la dzenje linagumuka ine ndili m'kachipindamo. Phokoso sindinalimve. Ndinangoona mdima, dothi lonyowa lili m'kamwa ndi m'mphuno, mwendo utapindikira pansi panga. Anandifukula ndi mnzanga wa paubwana, amene tinkaweta naye ng'ombe za atate ake. Khasu analikana poopa kunditema, anafukula ndi manja mpaka zikhadabo ziwiri kuzuka. Atanditulutsa anati, "Iwe, ukuthamangira chiyani? Dzenjeli lili ndi mwini wake."

Tinaseka tsikulo, koma ine sindinakhalenso munthu yemwe uja. Chitseko cha chimbudzi ndinaleka kutseka. Kugona ndinkagona khomo lili pululu, ndi kuzizira konse kwa kuno, mkazi wanga akudandaula kuti ndimupha ndi chibayo. Pamsika wa ku Tsangano ndinakwera shapa, minibasi yonyamula anthu, ndipo atangotseka chitseko mpweya unandithera. Ndinakuwa, n'kuponda mayi wina pamiyendo, n'kutulukira pazenera ngati mbava. Munthu wa imvi zanga! Akumpingo anandipempherera, ena ankanong'ona kuti ndi mizimu ya kumanda kuja. Ntchito ya udzukulu ndinaisiya, pamaliro ndinkakhala kutali ndi nkhalamba.

Kenako mnzanga uja anadwala. Mimba inatupa, maso anasanduka achikasu, ndipo kuchipatala anamubweza kuti azikadikirira kunyumba. Nditapita kukamuzonda anandiuza ali chigonere pamphasa kuti, "Adzukulu a masiku ano amakankha bokosi ngati thumba la mbatatesi. Ine udzandilandire iwe."

"Usandinyanse, sukufa iwe," ndinatero.

"Ndinakufukula ndine. Iwe udzandigoneke bwino, basi."

Ndinavomera, nanga ndikanatani? Koma pobwerera ndinkamutukwana chamumtima njira yonse. Ankadziwa bwino kuti ngakhale m'nkhokwe sindinkalowa, ndiye n'kundipempha chimenecho.

Mlamu wanga wa ku Furancungo ndiye anandiuza za mayi wina wa kumeneko amene anaphunzira za matenda a maganizo, ndipo ankathandiza anthu pakhomo pake. Ndinapita pa mota, njinga yamoto, tsiku lathunthu, fumbi mpaka m'mano, chifukwa shapa inali yosatheka. Mayiyo atandifunsa chimene chinkandivuta, ndinangonena za shapa ndi chimbudzi. Za manda ndinabisa. Ndinaona ngati kunena zimenezo m'nyumba ya munthu wachilendo n'kumubweretsera tsoka, komanso ndinali ndi manyazi.

"Bambo, mankhwala sindikupatsani," anatero. "Njira iyi amaitcha hipinoze. Simugona tulo, muzindimva, ndipo mukafuna kuleka mulekera pomwepo."

Anandikhazika pampando pafupi ndi zenera lotsegula, n'kundiuza kuti nditsinzine ndi kupuma pang'onopang'ono. Mawu ake anali ofatsa, ndipo mapewa anayamba kumasuka ndithu. Kenako anayamba kuwerenga manambala chobwerera m'mbuyo kuchokera pa khumi, nati, "Patsogolo panu pali makwerero. Tsikani limodzilimodzi. Deshi. Nove. Mukutsikira pansi, thupi likulemera, kunja kukumveka patali. Oitu."

Atafika pa seti ndinamva fungo la dothi lonyowa. Mpando ndinaugubuduza, ndipo anandipeza panja nditagwira mtengo wa mango, ndikusanza.

"Asa! Amayi, ndabwera ulendo wonsewu kuti mudzandikwirire? Munthu wotsikira pansi thupi likulemera, kwathu timati maliro!"

Sanakwiye. Anadikira ndipukute pakamwa, n'kufunsa kuti, "Kodi bambo, ntchito yanu ndi yotani?"

Ndinaulula zonse, za khoma lija, za mnzanga, ndi za lonjezo. Anagwira pakamwa, n'kunena kuti ndikanamuuza poyamba sakanatchula zotsikazo. Ankanena zoona, wolakwa ndinali ine.

M'mawa mwake tinatembenuza. M'malo motsika tinkakwera, kuyambira pa umu mpaka pa deshi, chimodzi mpaka khumi, kupita pamwamba pa phiri lomwe lili kuseri kwa munda wanga wa mbatatesi, pamene mphepo siileka ndipo umaona midzi ya kutsidya la malire. Ndikafika pamwambapo ankandiuza kuti ndipanikize chala chachikulu ndi chamkombaphala, kuti tsiku lina zala zokhazo zidzandifikitse kumeneko. Tikatha ankandituma kukayesa: lero kutseka chitseko cha chimbudzi, mawa kulowa m'nkhokwe ya alamu. Nthawi zina ndinkathawa. Iye ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, ine mumtima n'kumati nkhono yakeyo ilibe mnzake amene akufa.

Ndinakhalako masumana atatu, kapena kuti masabata atatu. Pobwerera ndinakwera shapa, mpando wakumbuyo, thukuta lili chuchuchu, koma ndinafika. Mayiyo anandichenjeza kuti ntchito sinathe, ndipo phirilo ndi lopumirapo, osati losamukirako. Anati ndidzabwerenso kuti ndiphunzire kukhala pamalo pothina maso ali otsegula. Sindinabwerere. Mnzanga anamwalira patangopita masiku asanu.

Dzenje anakumba ndi anzanga, ine nditaima patali. Mwambo wa mpingo utafika potsitsa bokosi, mkulu wa adzukulu anandiyang'ana. Mudzi wonse unkadziwa za lonjezolo, ndipo ena anabwera kudzaona ngati ndithawe. Ndinavula nsapato. Nditasuzumira pansi, kukamwa kwa kachipinda kaja kunali bii. Ndinapanikiza zala mwamphamvu mpaka kuwawa, n'kuyamba kuwerenga. Umu. Doishi. Tereshi.

Chotsatira chimene ndikukumbukira ndi manja a anthu akundikoka, amayi akuimba nyimbo yomaliza, mawondo ndi zigongono zanga zili dothi lokhalokha. Akuti ndinagwira ntchito yosaoneka ndi kale. Akuti ndinalandira kumutu, ndinalowa m'kachipindamo mpaka m'chiuno kuti bokosi liwongoke, ndinatseka ndi mitengo ndekha osalola wina kukhudza. Akutero ndi iwo. Ine ndimakumbukira mphepo ndi udzu wa paphiri, basi. Amuna ankandigwira chanza kuti ndachira, ine ndikufuna kuwamenya mbama. Munthu amene anazula zikhadabo zake chifukwa cha ine, womukhudza komaliza ndinali ine, ndipo sindinalipo.

Pa tsiku lometa, mkazi wa mnzangayo anandiitanira kuseri kwa nyumba. Pamanda paja anali atakomoka, sanaone chilichonse. Anagwada, mutu uli mpala, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Alamu, inu ndinu munali naye pansi paja. Ndiuzeni, anagona bwino?"

Ndinati, "Anagona bwino, alamu."

"Munamutsanzika?"

"Ndinamutsanzika."

Anaomba m'manja kundithokoza, akulira, n'kunena kuti tsopano mtima wake wakhala pansi. Ndinamusiya akuthokozabe.